Mbendera zakwera, nyali yathwanima, koma sitima inayo yangoti zii

Pa sitima yankhondo, madandaulo a anthu a mauthenga ndi awiri, ndipo amabwerabwera chaka ndi chaka. Loyamba ndi lakuti tabwereza katatu konse koma anzathuwo sakuyankha. Lachiwiri ndi loopsa kuposa pamenepo: ayankha kuti amva, kenako achita zosiyana ndi zimene tanena. Zikatero kulozana chala kumayamba. Wa mbendera akuti wa nyali anagona, wa nyali akuti batire ndi lofooka, ndipo mkulu wa ulonda akuti anyamata a masiku ano wailesi inawaononga.

Wailesi ilipodi, koma pali nthawi imene siyankhulidwa. Mukangotsegula pakamwa pa wailesi, mdani amene ali kutali amadziwa kuti mulipo komanso mbali imene muli, ndiye gulu la sitima likafuna kuyenda mwakachetechete limabwerera ku nsalu ndi kuwala. Magetsi akafa, kapena mlongoti wa wailesi ukawombedwa, chotsala n'chomwecho. N'chifukwa chake ngakhale sitima zamalonda, malamulo a SOLAS, a chitetezo cha moyo panyanja, amazikakamiza kukhala ndi nyali yotumizira mauthenga masana, yosadalira magetsi aakulu a sitima okha, komanso buku la International Code of Signals, buku la dziko lonse la zizindikiro za panyanja.

Uthenga wa mbendera kapena wa nyali umafera malo anayi: sunaoneke, waoneka koma wawerengedwa molakwika, wawerengedwa bwino koma watanthauziridwa m'buku lina, kapena wamveka koma wachitidwa pa nthawi yolakwika. Musanamasule nyali kapena kukalipira munthu, pezani kaye malo amene wafera. Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana mbendera yoyankhira ya sitima inayo, ija yosongoka ya mizere yofiira ndi yoyera. Ngati sinakwere n'komwe, sanakuoneni. Ngati yaima pakatikati pa chingwe, akuona kuti mukutumiza koma sanamve. Ngati yafika pamwamba penipeni, akuti amva, ndipo zikalakwika pamenepa ndiye kuti vuto lili m'mitu, osati m'maso.

Sakuziona n'komwe

Yambani ndi mphepo, ndipo osati mphepo ya panyanja ayi, koma imene ikumveka pa sitima yanu ikamayenda. Sitima ikamalowera komwe mphepo ikupita, pa liwiro lofanana ndi la mphepoyo, mbendera zimangoti lende ngati zovala zonyowa pa chingwe choyanikira. Palibe angaziwerenge. Kwinanso mphepo ilipo yambiri, mbendera zatambasuka bwino, koma zikuuluka moloza sitima inayo kapena moifulatira, ndiye iwo akungoona m'mphepete mwa nsalu. Inu muli pansi pake mukuziona bwinobwino n'kumadabwa kuti anthu aja n'ngakhungu. Chochita ndi kusamutsira uthengawo pa chingwe cha mbali ina ya mlongoti, kupempha mkulu wa ulonda kuti akhotetse sitima pang'ono ngati malo alola, kapena kungobwereza uthengawo ndi nyali. Kukweza mbendera zomwezo, pa chingwe chomwecho, kachinayi, ndi kutaya nthawi.

Kenako yang'anani kumene utsi wanu ukupita, ndi chimene chili kumbuyo kwa mbendera kwa munthu amene ali tsidya linalo. Chumuni, mlongoti ndi ziwiya za radar zimabisa theka la uthenga. Dzuwa likakhala kumbuyo kwanu, makamaka m'mawa ndi madzulo, mitundu yonse imasanduka yakuda kwa iye.

Utsi umenewu unapweteketsa anthu pa nkhondo ya ku Jutland, ya pakati pa Britain ndi Germany, pa 31 Meyi 1916. David Beatty, mkulu wa gulu lina la sitima za Britain, ali mu sitima ya Lion, analamula ndi mbendera kuti gulu lake likhote. Sitima zinayi zamphamvu kwambiri zimene anali nazo, zotsogozedwa ndi Hugh Evan-Thomas mu Barham, zinali pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 5, ndipo utsi wa malasha unali tolotolo chifukwa sitima zinali kuwonjezera liwiro. A mu Barham sanathe kuwerenga mbenderazo, ndipo uthengawo sunabwerezedwe msanga ndi nyali yaikulu monga zinkachitikira poyamba. Pamene ankakhota, mpata unali utakula kufika mamailosi ngati 10. Mizinga yawo ikuluikulu inachedwa kulowa m'nkhondo, ndipo pamene inkayamba kugunda sitima zazikulu za Germany, Indefatigable, imodzi mwa sitima za Beatty, inali itaphulika kale.

Akale ankalidziwa vutoli. M'nthawi ya sitima za matanga, ankaika sitima zing'onozing'ono kunja kwa mzere wa nkhondo, kumene kulibe utsi wa mizinga, ntchito yake kungobwereza mbendera za mkulu kuti onse aone. Masiku ano mfundo yake ndi yomweyo: gulu likatalikirana, sitima yapakati ipatsidwe udindo wobwereza, ndipo mukasintha kaimidwe ka gulu, funsani kuti tsopano wobwereza ndani. Udindo umenewu umakonda kugwera pansi pa nthawi yosinthayo, aliyense akuganiza kuti ndi wa mnzake.

Akuziona, koma akuwerenga zina

Mbendera zonse za m'buku la dziko lonse zilipo 40: za zilembo 26, zosongoka za manambala 10, zolowa m'malo 3, ndi yoyankhira ija. Mitundu yake ndi isanu yokha: yofiira, yabuluu, yachikasu, yakuda ndi yoyera, chifukwa imeneyi ndi imene diso limasiyanitsa patali. Koma nsalu imasuluka. Dzuwa, mchere ndi mwaye wa chumuni zimadya mtundu pang'onopang'ono moti inu amene mumaigwira tsiku ndi tsiku simuzindikira.

Tengani chikasu. Mbendera ya K ndi yachikasu mbali ya ku chingwe, yabuluu kunja, ndipo ikakwera yokha imati ndikufuna kulankhula nanu. Ya A ndi yoyera mbali ya ku chingwe, yabuluu kunja, yamphanda kumapeto, ndipo imati ndili ndi munthu pansi pa madzi, dutsani kutali ndiponso pang'onopang'ono. Chikasu cha K chikasuluka, kumapeto kwake n'kukhalanso konyenyeka ndi mphepo, patali yasanduka A. L ndi U zonse ndi za mabokosi anayi, ina yachikasu ndi yakuda, ina yofiira ndi yoyera, koma L ikuti imitsani sitima yanu pompano pamene U ikuti mukulowera ku ngozi. P ndi S ndi chinthu chimodzi chongotembenuza mitundu. I ikadzipinda n'kubisa kadontho kake kakuda, yatsala yachikasu yokhayokha, ndiye kuti Q. Kuyesa kwake n'kosavuta: tumani munthu kumapeto kwenikweni kwa doko, kwezani mbendera imodziimodzi, iye azitchula. Imene wazengereza nayo, ichotseni m'bokosi lero lomwe. Kuchapa kumathandiza mwaye, koma mtundu wopita subwerera.

Tizokowera ta Inglefield, timene timalumikiza mbendera ndi inzake, timalowana mbali zonse, ndiye munthu wothamanga akhoza kukweza mbendera chadodolido osazindikira. Ndi bwino kuti mbendera iliyonse ibwezedwe m'malo mwake chokowera cha pamwamba chili kunja, nthawi zonse, ngakhale usiku, ngakhale mwatopa. Bokosi la mbendera losokonekera ndi limene limabala zambiri mwa zolakwa zimene pambuyo pake zimatchedwa za mphepo.

Dongosolo lowerengera nalo limasokoneza ophunzira. Uthenga umawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi: N pamwamba pa C ndi kulira kwa sitima imene ili pangozi, koma mukazitembenuza mwanena zina. Mauthenga awiri akakhala pa chingwe chimodzi, pakati pake paikidwe kachingwe kolekanitsa ka mamita ngati 2. Mukakaiwala, kapena kakakhala kafupi, wowerenga amalumikiza zonse kukhala uthenga umodzi umene mwina ulipodi m'buku koma simunaufune. Zingwe zikakhala zingapo, buku limati ziwerengedwe kuyambira cha pansonga pa mlongoti, kenako cha pakati pa milongoti, kenako cha mtanda wopingasa mlongoti wa kumanja, pomaliza cha mtanda wa kumanzere, ndipo pa mtanda umodzi mumayambira chakunja kulowa mkati.

Apa pali msampha umene ndimaona kuti ndi wakuya kuposa yonse ya gawo lino: mbendera zolowa m'malo. Sitima imakhala ndi mbendera imodzi ya chilembo kapena nambala iliyonse, ndiye pofuna kubwereza mumagwiritsa ntchito zamakona atatu zija. Yoyamba imabwereza mbendera yapamwamba, yachiwiri imabwereza yachiwiri, yachitatu imabwereza yachitatu. Nambala ya 1100 imakwera motere: 1, yolowa m'malo yoyamba, 0, yolowa m'malo yachitatu. Mpaka apa palibe amavutika. Koma lamulo likuti powerenga mumawerenga mbendera za mtundu umene yolowa m'maloyo yatsatira basi, manambala paokha, zilembo pazokha. Tengani L 2330, kutanthauza latitude, muyeso wa mtunda kuchokera ku equator, ya madigiri 23 ndi mphindi 30. Imakwera L, 2, 3, yolowa m'malo yachiwiri, 0. Wodziwa amadumpha L n'kuwerenga manambala okha, ndiye yachiwiri ndi 3. Wosadziwa amayambira pa L, yachiwiri n'kukhala 2, n'kulemba 2320. Kusiyana kwake ndi mphindi 10 za latitude, zomwe ndi mamailosi apanyanja 10, makilomita oposa 18. Ngati mukufunafuna munthu m'madzi, mukasaka nyanja ina. Mukaona kuti zilembo zikufika bwino koma manambala akusokonekera mobwerezabwereza, musakayikire maso a wowerenga, mufunseni lamulo limeneli.

Buku lake ndi liti?

Mbendera n'zofanana, koma mabuku ndi angapo. Buku la dziko lonse linayambira ku Britain m'chaka cha 1857, ndipo limene likugwira ntchito panopa linavomerezedwa mu 1965 n'kuyamba kutsatidwa mu 1969. Cholinga chake ndi chitetezo: ngozi, kupulumutsa anthu, matenda, ndipo mauthenga onse a zilembo zitatu oyamba ndi M ndi achipatala. Asilikali apamadzi ali ndi mabuku awoawo a kayendetsedwe ka gulu. Mayiko a NATO amagwiritsa ntchito buku la ATP-1, ndipo ali ndi mbendera zowonjezera zimene sitima yamalonda ilibe: za manambala zamakona anayi, yolowa m'malo yachinayi, ndi zina zapadera monga Corpen, Turn ndi Speed. Bravo Zulu, imene msilikali wapamadzi aliyense amaidziwa kuti ndi kuyamikira ntchito yabwino, ndi ya m'buku la asilikali. Mukaikwezera sitima yonyamula katundu, kaputeni wake akatsegula buku lina n'kupeza nkhani ina.

Ndiye ngati mbendera zawerengedwa bwino koma yankho silikugwirizana ndi funso, funsani kuti tikuwerenga buku limodzi kodi. Pa sitima yankhondo, mbendera yoyankhira ija, imene imatchedwanso Code, ikatsogolera uthenga ndiye kuti tanthauzo likatengedwe m'buku la dziko lonse. Kuiiwala ndi cholakwa cha anthu amene azolowera kulankhulana okhaokha. M'buku la dziko lonse mulinso YV, imene imati magulu a zizindikiro otsatirawa ndi a m'buku lino, ndi YZ, imene imati mawu otsatirawa ndi olembedwa chilembo ndi chilembo. Vutoli n'lenileni moti America ndi Soviet Union, atatopa ndi kupanikizana kwa sitima zawo panyanja, anasainirana pangano ku Moscow pa 25 Meyi 1972, ndipo m'kupita kwa nthawi anagwirizana mndandanda wa zizindikiro zawo zapadera zotsogozedwa ndi YV1. Mu 2014 ku Qingdao, asilikali apamadzi a mayiko 21 anagwirizananso ndondomeko ya CUES, ya sitima zimene zakumana mosayembekezera.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamapweteka: nthawi. T yotsatiridwa ndi manambala anayi ndi nthawi ya kumene muli, Z ndi nthawi ya UTC, imene dziko lonse limayendera. Ku Beira, ku Nacala, ku Durban ngakhale ku Monkey Bay, kusiyana kwake ndi maola awiri athunthu. Chimodzimodzi S ndi liwiro la mamailosi apanyanja pa ola, V ndi la makilomita pa ola.

Ndipo uthenga ukhale waufupi, wa mawu amene ali kale m'buku. Pa Trafalgar, pa 21 Okutobala 1805, Nelson, mkulu wa sitima za Britain, ankafuna mawu akuti "confides" mu uthenga wake wolimbikitsa asilikali, koma John Pasco, amene ankayang'anira mbendera, anapempha kuti aike "expects", chifukwa limenelo linali ndi nambala yake m'buku la zizindikiro la Home Popham pamene linalo likanafunika kulembedwa chilembo ndi chilembo. Nelson anavomera. Ngati mkulu wotero anamvera wa mbendera, wanunso mukhoza kumuuza mwaulemu kuti bwana, pali njira yachidule.

Nyali

Pa nyali, yambani ndi chipangizo, chifukwa kumeneko n'kosavuta. Nyali ya masana iyenera kuoneka pa mamailosi apanyanja 2 dzuwa likuwala, ndipo batire lake liyenera kupirira maola awiri. Batire lofooka limanamiza: usiku nyali imaoneka yamphamvu, masana n'kusowa. Choncho iyeseni masana, osati m'chipinda. Mchere umayala kachifunga pa galasi, ndipo umachoka ndi madzi abwino ndi kansalu kofewa, osati kupukuta pouma chifukwa mumakanda galasilo. Babu la halogen musaligwire ndi zala. Mababu apadera akhale m'bokosi la nyaliyo, osati m'kabati imene kiyi wake ali ndi munthu amene wagona.

Nyali zakale za mtundu wa Aldis sizizima pakati pa kadontho ndi kadontho ka Morse, njira yolembera zilembo ndi timadontho ndi timizere. Waya wa m'babu umachedwa kuzirala, ndiye chimene chimayenda ndi galasi la mkati lobweza kuwala, limene limapendekeka mukakoka kachitsulo ka chala, kapena pa nyali zikuluzikulu, tizitseko ta kutsogolo. Dzimbiri kapena mchere zikalowa pamenepo, kachitsuloko kamachedwa kubwerera, ndipo timadontho timatalika n'kuyamba kufanana ndi timizere. Wolandira akamadandaula kuti zonse zikuoneka zazitali, musayambe n'kuphunzitsa wotumiza Morse. Gwirani nyaliyo nokha mumve ngati chala chikubwerera msanga.

Chachiwiri ndi kulunjika. Kuwala kwa nyali imeneyi n'kopapatiza dala, kuti wosafunika asaone. Koonera kake kakagunda penapake n'kupotoka, inu mumaona sitima inayo ili pakati penipeni, kuwala kukudutsa pamwamba pake. Usiku muli padoko, walitsani pa khoma lakutali muone ngati pamene diso likuloza ndi pamene kuwala kwagwera. Panyanja ya mafunde, sitima ikamapendama, kuwala kumachoka pa wolandira kwa kamphindi, ndipo chimene chimatayika ndi kadontho kamodzi. Kadontho kamodzi kameneko n'kokwanira: 5 amasanduka H, H amasanduka S, 6 amasanduka B, B amasanduka D, V amasanduka U. Chizindikiro cha vutoli ndi chakuti zolakwa zonse ndi za kuchepa kwa timadontho, palibe yowonjezera. Wotumiza aime motangadza, mawondo omasuka, nyali isatsamire pa chitsulo cha sitima, thupi lake ndilo lizibweza kupendamako.

Chachitatu ndi dzanja. Kadontho ndi muyeso umodzi, kamzere ndi itatu, mpata wa mkati mwa chilembo ndi umodzi, pakati pa zilembo itatu, pakati pa mawu isanu ndi iwiri. Buku limati liwiro loyenera ndi zilembo 40 pa mphindi, ndipo limalangiza kuti ngati mulakwitse, lakwitsani pofupikitsa kadontho, osati pokatalikitsa. Ambiri amene amati sadziwa kuwerenga nyali, vuto lawo ndi wotumiza wothamanga amene amadya mipata. E atatu opanda mpata ndi S. A ndi N zikagundana popanda mpata zasanduka P. Kuthamanga sikufika: uthenga wotumizidwa kamodzi modekha umafika msanga kuposa wobwerezedwa katatu. Wolandira naye asakhale yekha. Mmodzi maso pa nyali, akutchula mokweza, wina akulemba. Munthu akangoweramira pepala, chilembo chadutsa.

Usiku vuto limatembenuka: nyali imawala mopitirira. Maso amafuna pafupifupi theka la ola kuti azolowere mdima, ndipo kuwala kumodzi kwamphamvu kumafufuta zonsezo, kwa wolandira komanso kwa amene akuyendetsa sitima yake. Timadontho timalowana n'kukhala chiphaliwali chimodzi. Ikani galasi lochepetsa kuwala, kapena tengani nyali yaing'ono. Ya masana si ya usiku.

Palinso nyali zimene zimaoneka ngati zikulankhula pamene sizikulankhula, ndi zolankhula zimene zimaoneka ngati zangokhala. Usiku wa pa 14 kulowa 15 Epulo 1912, Joseph Boxhall wa mu Titanic anayesa kuitana ndi nyali ya Morse sitima imene ankaiona chapatali, ndipo a mu Californian nawonso anayesa kuitana sitima imene ankaiona. Palibe anawerenga za mnzake. James Gibson wa mu Californian anaona kuwala kukuphethira, n'kuganiza kuti akuyankhidwa, koma atayang'ana ndi magalasi oonera patali anati ndi nyali ya pa mlongoti chabe. Kuwala kukakhala m'munsi pafupi ndi madzi, kutali, mpweya umakuphethiritsa wokha. Njira yosiyanitsira ndi kufunafuna dongosolo: kuitana kwenikweni ndi AA AA AA mobwerezabwereza, ndipo yankho lake ndi TTTT mpaka woitana asiye. Kumbukiraninso kuti zoyandama zina zosonyeza madzi odutsika popanda ngozi zimathwanima chilembo A, nsanja zokumba mafuta zimathwanima U, ndipo sitima imene yakuthwanimirani kasanu mofulumira sikunena nambala 5, ikuti sindikumvetsa chimene mukuchita. Pafupi ndi doko, kumene magetsi a mumzinda ali mbwee kumbuyo kwanu, sunthani mukaime pamene kumbuyo kuli mdima. Amene anayendapo pa nyanja ya Malawi usiku wa usipa, nyali za asodzi zitandanda ngati tauni, akudziwa mmene kanyali kamodzi kamasowera pakati pa zinzake.

Zikasokonekera pakati pa uthenga, pali zida zokonzera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amangodziwa kuyambiranso pachiyambi. Wolandira amayankha T pa liwu lililonse limene walandira. Ngati T sanabwere, musapitirire, bwerezani liwu lomwelo. Mukalakwitsa, tumizani EEEEE, mubwerere pa liwu lomaliza limene linali lolondola. Wolandira akaphonya chigawo, atumize RPT kenako AA ndi liwu, kutanthauza zonse zotsatira liwulo, kapena AB zonse zobwera liwulo lisanafike, WA liwu limodzi lotsatira, WB limodzi lobwera liwulo lisanafike, BN za pakati pa mawu awiri. AS ndi dikirani. Uthenga umatha ndi AR, ndipo wolandira amatseka ndi R.

Kukweza si kulamula, kutsitsa ndiye kulamula

Pakati pa sitima zankhondo zoyenda pagulu, mbendera zikakwera ndiye kuti konzekani. Lamulo limagwira ntchito pa mphindi imene zatsitsidwa, kuti sitima zonse zikhote nthawi imodzi. Pa nyali, chofanana nacho ndi IX kutsogolo kwa uthenga, ndipo kuchita kumabwera ndi IX ina yotsatiridwa ndi kuwala kwa masekondi asanu. Ndiye dzanja limene lagwira chingwe ndi limene likuyendetsa gulu lonse. Chingwe chikakodwa pa kagudumu kake pamwamba, lamulo lachedwa. Wina akatsitsa pofuna kukonza mbendera yopiringizika osanena, lamulo laperekedwa. Ndipo uthenga wakale ukasiyidwa m'mwamba, umakwatirana ndi watsopano.

Zimenezi zinachitika ku Dogger Bank pa 24 Januwale 1915. Lion, sitima ya Beatty ija, inali itawombedwa, magetsi atafa, nyali zazikulu ndi wailesi zosagwira, zingwe za mbendera zitatsala ziwiri. Pa chingwe china panali pakadali uthenga wa njira ya kumpoto chakum'mawa pamene pa chinzake panakwera wakuti menyani kumbuyo kwa mdani. Zonse zinatsitsidwa pamodzi. Sitima zinazo zinawerenga kuti menyani kumbuyo kwa mdani amene ali kumpoto chakum'mawa, ndipo kumeneko kunali Blücher, sitima ya Germany imene inali yovulala kale. Zonse zinaunjikana pa iyo, zinzake Seydlitz, Moltke ndi Derfflinger n'kuthawa. Palibe anawerenga molakwika mbendera ngakhale imodzi. Musanakweze chatsopano, kwezani maso muone chimene chatsala m'mwamba, ndipo mauthenga awiri osagwirizana asatsike limodzi.

Chomaliza ndi chija ndinayamba nacho, mbendera yoyankhira. Buku linapereka malo a munthu amene sanamve. Ngati mbendera sizikuoneka bwino, yanu ikhale pakatikati. Ngati mwaziwerenga koma tanthauzo silikumveka, kwezani ZL, kutanthauza ndalandira koma sindinamve, kapena ZQ, kutanthauza uthenga wanu ukuoneka wolakwika, uonenso n'kubwereza wonse. Zida zilipo. Chimene chimasowa ndi mtima wozigwiritsa ntchito pamene wotumiza ndi wamkulu kwa inu ndipo gulu lonse likudikira inu nokha.

Pa 22 Juni 1893, kufupi ndi Tripoli wa ku Lebanon, George Tryon anali kutsogolera sitima za Britain za m'nyanja ya Mediterranean m'mizere iwiri yotalikirana mamita pafupifupi 1,100. Analamula kuti mizere yonse iwiri itembenuke kubwerera m'mbuyo, uliwonse kukhotera mkati, kuloza unzake. Mpatawo unali wosakwanira, ndipo ena mwa akuluakulu ake anali atamuuza kale. Albert Markham, amene ankatsogolera mzere wachiwiri mu Camperdown, anaona kuti sizingatheke, ndipo poyamba anachita zoyenera: sanakweze yankho lake mpaka pamwamba. Tryon anamufunsa pamaso pa gulu lonse kuti akudikira chiyani. Markham, poganiza kuti mwina mkuluyo ali ndi nzeru ina imene iye sakuiona, anakweza. Mbendera zinatsika, sitima zinakhota, Camperdown inabaya Victoria, ndipo pasanathe mphindi 15 Victoria inamira ndi anthu 358, Tryon ali momwemo. Nyengo inali yabwino, nyanja ili bata, mbendera zikuoneka bwinobwino. Mmodzi mwa opulumuka anali John Jellicoe, amene zaka 23 pambuyo pake anatsogolera gulu lonse la Britain ku Jutland.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma Markham funso anali nalo, anangolimeza. Ndimaona kuti vuto limeneli silichoka ndi kuwerenga buku, limachoka ndi chizolowezi cha pa maphunziro. Pa masewera oyeserera a sabata ndi sabata, wophunzitsa azilowetsa dala uthenga umodzi wolakwika pakati pa abwino: nambala yosatheka ngati njira ya madigiri 390, yolowa m'malo yosaloza kanthu, kapena lamulo loti sitima ikhotere kumene kuli inzake. Asachenjeze, ndipo autumize m'dzina la mkulu. Kenako ayang'ane mbendera yoyankhira. Amene waisiya pakatikati n'kukweza ZQ, alembedwe kuti wakhoza, ndipo auzidwe zimenezo pamaso pa anzake. Amene waithamangitsira pamwamba abwereze, sabata yamawa, ndi uthenga wina wolakwika mwa mtundu wina.